Nsalu Imene Ili M'kati mwa Mpira

Sukulu zikatsekera tchuthi chachikulu, mwezi wa Ogasiti, ana a m'mudzi mwathu sankapezeka pakhomo. Chimanga chinali m'nkhokwe, ntchito yawo inali kutunga madzi ndi kutulutsa mbuzi basi. Akatha zimenezo, onse ulendo ku bwalo la sukulu ku Nsambe, kukamenya mpira mpaka fumbi m'makutu.

Mwana wanga woyamba anali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimenecho. Anali woonda, wa miyendo italiitali, wosakonda kuyankhula. Mpira wachikopa aphunzitsi ankautsekera mu ofesi pa tchuthi, ndiye ana ankapanga wawo wachikulunga, nsanza m'kati, kunja n'kumanga ndi chingwe cha khonje. Mwini mpira ndiye ankasankha osewera. Wangayo anali asanakhalepo ndi wake, ndipo masiku ambiri ankangoima kunja kwa bwalo n'kumatola mpira ukagwera kutchire.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba, ndinamupeza pakhonde ali ndi mlongo wake wamng'ono.

"Amayi, taonani! Loweruka tikusewera ndi anyamata a ku Ligowe, ndipo mpira ukhala wangawu."

Anandiponyera, ine n'kuwakha. Nditautembenuza, pakati pa zingwe panali diso likundiyang'ana, ndi theka la pakamwa.

Masiku amenewo amayi tonse tinali ndi nsalu ya chipani, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yovala pokavina ku msonkhano. Yanga yakale itasuluka ndinapeza ina, yakaleyo n'kuipinda n'kuiika pansi pa dengu la nsanza, chifukwa sindinkadziwa kuti nsalu yotero munthu amaitaya bwanji. Mwanayo anaipeza m'menemo, naidula ndi mpeni.

Anthu ankatengedwa kupita ku boma ku Mwanza pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi, ndipo ena sankabwerako msanga. Mwana akanamusiya, koma bambo ake akanapita.

"Wauona ndani mpirawu?"

"Palibe, amayi. Uyu yekha."

"Waumenyapo?"

"Kawiri kokha, kuseri kwa khola."

"Achimwene amumenya pamphuno penipeni!" anatero mlongo wakeyo akuseka, ine n'kumutseka pakamwa ndi dzanja.

Mnyamatayo ndinamumenya khofi. Kanali koyamba, ndipo sindinabwerezenso. Sanalire. Anangogwira tsaya n'kunena kuti, "Inalitu m'nsanza, amayi." Ankanena zoona.

Bambo ake atabwera anaona mpirawo, nakhala pansi osavula chipewa.

"Amake mwana, kaponyeni m'chimbudzi izi."

"Nanga chikadzagwa ndi mvula, n'kuonekera?"

"Ndiye otchani."

"Utsi wa nsalu umamveka kutali. Kuseriku kuli apongozi awo a atcheya, mukawayankha chiyani?"

Atcheya anali wapampando wa chipani m'dera lathu. Sanali munthu wankhanza, koma zonse zimene ankamva ankakazinena kumene ankayenera kukazinena. Vuto lina linali lakuti mwanayo anali atauza kale anzake kuti Loweruka abwera ndi mpira. Akanapita chimanjamanja akanamufunsa, ndipo mlongo wake pakamwa sipankatsekeka. Izi ndi zimene ndinawauza bambo ake. Chimene sindinanene n'chakuti ndinali nditaona mmene mwanayo anakhalira pakhomo pa khola, tsaya lili m'manja, ndipo sindikanatha kumulandanso mpirawo.

M'mawa mwake ndinati mutu ukundipweteka, sindipita kudimba. Mlongo wake ndinamutumiza kwa azakhali ake, n'kutseka chitseko. Tinamasula mpira wonse. Zidutswa za nsalu ija tinazipinda, nkhope kuloza m'kati, ndipo ndinamupatsa mwanayo chingwe kuti pakatipo amange yekha. Anamanga mfundo zake zazikuluzikulu, lilime lili panja. Pamwamba ndinakulungapo nsanza, kenako chidutswa cha bulangeti lakale, pomaliza chiguduli, n'kusoka ndi singano yaikulu yosokera matumba. Iye ankagwira, ine ndikusoka. Kuyambira dzulo lake anali asanandiyankhule.

Nditaduladula ulusi womaliza ndi mano, anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye abwana a pansaluwo akhala momwemo?"

"Momwemo. Odziwa ndi iwe, ine ndi bambo ako. Mlongo wako timuuza kuti tinataya."

Anaupimapima m'manja. "Nanga azipuma bwanji, amayi?"

Ndinafuna kumukalipira, koma chinabwera ndi chiseko. Tinaseka tonse awiri, titagwira pakamwa kuti kuseri kusamveke.

Amayi a msinkhu wanga sankapita kukaonera mpira wa ana. Loweruka limenelo ndinasenza dengu la manachesi omaliza ngati ndikungodutsa, n'kukhala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa bwalo. Ndinapitira msoko wanga, kuti ukayamba kutseguka ndiutenge mpirawo anthu asanaone.

Anyamata a ku Ligowe anafika wapansi, mapazi ali mbuu, akuimba. Ali pafupi kuyamba, ndinaona atcheya akubwera, poti paliponse pamene anthu asonkhana iwo sankalephera. Anati mpira ayambitsa ndi iwo. Anawapatsa. Anaufinya, nautembenuza, nauyang'anitsitsa pa msoko.

"Ndi wa ndani mpirawu?"

"Ndi wanga, bambo," anatero mwana wanga.

"Wasoka ndani?"

Analoza ine.

"Mayi, mwaikamo chiyani muno? Ukulemeratu ngati dzungu!"

"Nsanza basi, atcheya."

"Nsanza zake zabwino. Ena inu muziona, mpira ndi uwu, osati zanu zomangomasuka zija."

Anauika pansi, nabwerera m'mbuyo, n'kuumenya ndi nsapato mwamphamvu zawo zonse. Unapita m'mwamba mpaka kukagwera m'udzu, anthu n'kuwomba m'manja. Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana, ataluma mlomo kuti asaseke. Ine ndinawerama ngati ndikusanja manachesi.

Masewera atayamba, za msoko ndinaiwala. Sindinkadziwa kuti mwana wanga amathamanga chotero. Kunyumba anali wozizira, koma pamenepo ankakuwa, kuloza anzake poti aime, kudoda anyamata aakulu kumuposa. Chakumapeto anachinya chigoli pakati pa nsungwi ziwiri zimene anazika ngati golo, ndipo ndinangozindikira ndaimirira ndikuimba nthungululu ndekha, manachesi akugubuduka. A ku Ligowe anapambana ndi zigoli ziwiri, koma chimodzi chathucho chinali chake. Pobwerera anandisenzera dengu, mpira uli m'khwapa.

Chiguduli sichilimba pa nthaka youma. Masiku awiri kapena atatu aliwonse ankafika dzuwa lisanalowe, n'kuika mpira pamiyendo panga.

"Amayi, abwana akufuna kutuluka."

Ine n'kutenga singano. Iye ankakhala pambali panga n'kumandifotokozera amene wagwa, amene wabera, amene wathawa atamuponda chala. Nkhani zimene sankandiuza nthawi ina iliyonse ankandiuza pamenepo. Sanalole kuti mpirawo ugone kwa mnzake, ngakhale tsiku limodzi. Tinachita zimenezi matchuthi atatu.

Dzinja lotsatira anadwala malungo. Mvula inali itadula njira, ndipo amuna anamunyamula pa machila kutsika naye ku chipatala ku Lisungwi. Ine ndinkayenda pambali nditamugwira phazi. Anatisiya tisanafike.

Ogasiti atakwana, anzake anabwera pakhomo, naima chapatali mwaulemu, n'kupempha mpira. Ndinawakaniza. Anapita akuganiza kuti ndi chisoni chokha, koma kunalinso mantha, poti panalibenso wina woti azindibweretsera msoko ukayamba kutseguka.

Zaka zapita. Chipani chija chinachoka, atcheya anamwalira, bambo ake a mwanayo nawonso anatsogola. Mlongo wake anakwatiwa ku Lisungwi, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti tinataya. Tsopano ndikhoza kuutsegula mpirawo pakati pa msika, palibe angandifunse. Mdzukulu wanga anaupeza chaka chatha m'sutukesi, nati, "Agogo, muli chiyani umu? Titsegule tione." Ndinamulanda.

Nsaluyo ndilibe nayo ntchito. Koma pakatipo pali mfundo zimene anamanga yekha m'mawa uja, ndipo palibe chinanso chimene manja ake anamanga chimene chinatsala. Mwezi wa Ogasiti, phokoso la ana likayamba kumveka kuchokera ku bwalo, ndimautulutsa n'kukhala nawo pakhonde dzuwa lisanalowe. Ndimauzungulira ndi chala kufufuza pamene patseguka. Singano ndikadali nayo, ngakhale pabowo pake sindipaonanso bwino.