Mapiritsi amene ndinataya ku Mlare

Ndinapita ku Mlare, kumpoto kwa dziko lino, kukaphunzitsa ndili mtsikana wa ku Dedza wosazolowera kutentha, ndipo konko ndinakwatiwa ndi kalaliki wina wa ku Mwenilondo. Abale ake anapereka ng'ombe za malowolo. Malume anga anadabwa, popeza kwathu kulibe zimenezo, komabe anazilandira. Tanthauzo la ng'ombezo ndinalidziwa mwamuna wanga atamwalira, kundisiya ndi mwana wamkazi wongoyamba kumene kulankhula. Kwathu mwana ndi wa mayi. Kumeneko, ng'ombe zikapita, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ine ndinkamusunga chifukwa chongondilola.

Maliro atatha anthu anabalalika, koma ine mtima sunabwerere m'malo. Chakudya sichinkadutsa pakhosi, tulo osabwera, ndipo m'kalasi ndinkangoima ndi choko m'manja mpaka ana kuyamba kunong'onezana. Mphunzitsi wamkulu ndiye ananditumiza kuchipatala cha kuboma, komwe dokotala wina wachikulire anandipatsa timapiritsi ta matenda a nkhawa, tomwa pogona. Tinkandiumitsa kukamwa ngati ndabwira ufa, koma m'kupita kwa milungu ndinayambanso kumva njala, kusamba, ngakhale kuseka mwana wanga akavala nsapato mosemphanitsa.

Ndiye kunabwera alamu, mkulu wake wa malemu mwamuna wanga. Wina anali atandiona pamzere wolandirira mankhwala aja, ndipo nkhani inafika ku Mwenilondo ine ndisanatsike n'komwe basi.

"Mulamu," iwo anatero atakhala pampando wa malemu, "ife tamva kuti mukumwa mankhwala ya misala. Mwana wathu sangakule m'manja ya munthu wa misala, yayi. Tikakolola mpunga ndibweraso. Ngati mukumwabe, mwana ndinyamula."

Ndinagwada, ndinawapatsa tiyi, ndinawaperekeza mwaulemu mpaka kumsewu. Pobwerera ukali unandikwera. Ine wamisala? Ndinatenga kabotolo konse n'kukakhuthulira m'chimbudzi, ndikuti tione chimene adzandipeze nacho.

Poyamba sindinamve kanthu, mpaka ndinadzitama. Kenako pansi panayamba kupendekeka. Ndikatembenuza mutu, maso ankatsalira m'mbuyo. Mseru, thukuta lozizira, mutu kuwawa, m'mimba kuwira. Tulo tikandiba pang'ono ndinkalota mwamuna wanga akundiitana ali m'madzi. Ndinkapsa mtima ndi zopanda pake, moti tsiku lina ndinamukalipira mwana chifukwa cha supuni, iye n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Ndinayesa malungo, ndinamwa mankhwala a malungo, koma anangondiwonjezera kulira kwa m'makutu.

Ndikanatha kugona m'nyumba mpaka zitadutsa, mwina palibe akanadziwa. Koma inali nyengo yokonzekera magule a chipani, ndipo masiku amenewo mayi wogwira ntchito m'boma sankajomba kokonzekerako. Ukajomba ankakufunsa kuti uli ndi maganizo otani. Ndinamanga nsalu yanga, ndinakalowa m'bwalo dzuwa lili paliwombo. Pamene nyimbo inafika poti tizungulire, ndinazungulira, ndipo bwalo lonse linapitiriza kuzungulira ine nditagwa kale. Akuti ndinkanjenjemera n'kumalira mokweza, kuitana malemu. Amayi ena anati ndi vimbuza, mizimu imene amaivinira ng'oma kumeneko. Ena sanazengereze, anangoti misala ija yabuka.

Alamu sanadikirenso mpunga. Anatuma mlongo wawo, amene anafika ndi nsalu yoberekera. Sanali mayi woipa. Anandiphikira phala, anandisesera m'nyumba, kenako anabereka mwana wanga n'kunena kuti, "Mukachira muzamutola." Ndinalibe mphamvu ngakhale yoimirira pakhomo. Ndinangomva kulira kwake kukuchepera kumsewu.

Nditabwerera kwa dokotala uja n'kumufotokozera, anavula magalasi.

"Mayi, mankhwala awa sasiyidwa ngati kuvula malaya. Si misala imene yakugwetsani. Thupi linazolowera, ndiye mwalilanda mwadzidzidzi. Tiyambiranso, ndipo tidzatsika pang'onopang'ono."

Ndinamuchonderera kuti tifulumire, chifukwa mwana wanga ali kwa eni. Anakana. Anati ndikathamanga ndigwanso, ndipo ndikagwa kawiri alamu sadzandipatsanso mwanayo.

Choncho ndinayambiranso kumwa zomwe zinandilanditsa mwana. Nditakhazikika, dokotala anandiuza kuti ndizidula piritsi pakati ndi lezala, ndipo patapita nthawi ndizidulanso thekalo. Ndinkadulira pambale yadothi, tizidutswa tikuthawira pansi, ine n'kumatisaka chogwada. Nthawi iliyonse ndikachepetsa, chizungulire chija chinkabwera ngati mlendo wodziwa kale pakhomo, koma chinkakhala masiku ochepa n'kupita. Ndinaphunzira kutsamira khoma polemba pabolodi, kumwa madzi ambiri, ndi kutseka pakamwa mkwiyo ukakwera. Ku Mwenilondo sindinapiteko. Ndinkaopa kuti ndikagwa pamaso pawo basi zatha, ndiye ndinkangotumiza sopo ndi timadiresi. Mpunga unakololedwa, mvula inagwa, anadzalanso wina.

Tsiku limene ndinapita, m'thupi mulibe piritsi ngakhale kachidutswa, alamu anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa za sukulu, za mvula ya ku Mlare, kufuna kumva ngati mutu ukugwira. Pomaliza anasunga mawu aja oti ndikachira ndidzamutenga. Anaitana mwanayo.

Anali atatalika. Anabwera n'kugwada patali, manja pamodzi, n'kunena kuti "Mwaghona," moni wa Chinkhonde wopatsa alendo aulemu. Kenako anathawira kumbuyo kwa azakhali ake, mlongo wa alamu uja, amene anamulera nthawi yonseyi. Ine zaka zonse zija ndinali ndisanaphunzire Chinkhonde, chilankhulo cha kumeneko. Ndinkaphunzitsa Chichewa, malemu ankandilankhula Chichewa, ndiye ndinkati ndichiphunzirirenji.

M'basi pobwerera mwanayo anakhala pamiyendo panga ali gwa, osatsamira pachifuwa changa. Titayenda ndithu anatembenuka n'kundifunsa kanthu, misozi ili m'maso. Sindinamve. Anabwerezanso. Ndinachita kupempha mayi wina amene tinakhala naye pampando, wonyamula dengu la nthochi, kuti andimasulire zimene mwana wanga akunena.

Mayiyo anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine, n'kutsitsa mawu.

"Akufunsa kuti mukamubweza liti kwa amama wake."