Maliro a Killian Sanadikire a Chidzalo

A Felton Chidzalo anaphunzira Chigiriki kwa ansembe ku Dedza akadali mnyamata woyenda chosavala nsapato, ndipo chinawalowa m'magazi ngati malungo. Anzawo ankaloweza kuti akhoze mayeso, iwo ankawerenga masewero akale a Agiriki mpaka kuiwala kudya. Atayamba uphunzitsi ku Zomba analemba kankhani konena kuti m'masewero amenewa mfumu yosamva malangizo imagwa pamodzi ndi mzinda wake. Sanatchule dzina la munthu, koma masiku amenewo dzina silinkafunika. Mphunzitsi mnzawo, Killian Thawale, amene ankamwera naye tiyi kapu imodzi, anakawanenera kwa akuluakulu a chipani. A Chidzalo anathawira ku Zambia atabisala m'lole ya fodya. Mayi awo anamwalira iwo ali kunja, ndipo pamanda pawo sanaponyepo dothi.

Ku London anafika ndi madigiri. Aliyense anawayamikira, koma ntchito za pa yunivesite zinkapita kwa tiana tosatha n'kutchula komwe mawu a Chigiriki. Iwo anakalambira m'laibulale ina ku Barking, akubwezera mabuku m'mashelefu. Akaweruka ankalemba za masewero aja ndi ubale wa maiko. Mfundo yawo inali imodzi zaka zonsezi: maiko angasainirane mapangano ochuluka bwanji, Agiriki anaona kale kuti dziko limadziwika ndi mmene limalandirira wothawa wogwada pakhomo pake, ndiponso mmene limachitira ndi mtembo wa mdani. Nkhondo ikule bwanji, imayamba yaima kuti akufa aikidwe. Zolembazi zinkatuluka m'timagazini towerengedwa ndi anthu oti n'kukwana m'basi imodzi. Mwana wawo Lumbani anatsegulapo kamodzi, nanena m'Chingerezi kuti n'zabwino, nabwerera pa foni yake.

Tsiku lina masana kunabwera Margaret, namwino wa ku Malawi amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Ilford. Kumeneko n'kumene Killian ankakhala atakalamba, pakuti nayenso mphepo ya ndale itasintha anadzatsatira mwana wake kuno.

"Bambo, ndabwera ndi zovuta. A Thawale atisiya."

"Thawale wake uti?"

"Mukuwadziwa. Musandivutitse, ndachokera ku shifiti, miyendo ikuwawa."

"Mulungu amachedwa, koma amafika," anatero a Chidzalo.

"Alibe munthu, bambo. Mwana wawo uja anatsogola kale. Zonse ikuyendetsa ndi khonsolo, Lachinayi m'mawa. Ife anamwino tikaimba, koma mbiri ya malemu tinganene ife ana? Wamkulu wowadziwa ndinu nokha."

"Mbiri ndili nayo. Ikhoza kuthawitsa abusa."

"Si inu munalemba zoti mdani naye aziikidwa mwaulemu? Munatiwerengera pa Khirisimasi ija mpaka mpunga kuzizira." Margaret anaimirira navala jekete. "Koma musachedwe. Kuno si kumudzi."

Mawu a mpungawo anawabaya. Anakhala nawo masiku onse otsalawo, akuyendayenda m'kachipinda kawo, akukangana ndi munthu wakufa. Pomaliza anagamula kuti apita. Akaima pamanda, akanena zoona zonse osabisa kanthu, kenaka akakhululuka mokweza anthu akumva, n'kuponya dothi. Dothi limenelo linali la Killian, komanso mumtima mwawo linali la mayi awo. Akanasonyeza kuti zimene analemba moyo wawo wonse sizinali phokoso chabe.

Koma Lachinayi litafika, kamtima kena kanawanong'oneza. Kwawo maliro sanyamuka wolankhula wamkulu asanafike. Adzukulu amakhala pa mulu wa dothi n'kumadikira, dzuwa liwombe bwanji. Ngakhale maliro a Amalawi a ku Peckham amene anapitako, ankayamba akulu akakhala pansi. Iwo anadikira kubwerera kwawo moyo wonse chifukwa cha Killian. Kodi Killian sangadikire pang'ono? Anasita suti yawo modekha. Anamwa tiyi, nawonjezera wina. Pa siteji basi yoyamba anaileka ipite, ati yadzaza.

Atafika pamalo a mwambowo anapeza Margaret ndi anzake awiri ali panja, zitenje atamanga pamwamba pa majekete, kamvula kakuwaza. Pakhomo pankalowa banja lina la azungu ndi bokosi lawo.

"Zatha, bambo," anatero Margaret.

"Zatha bwanji ine ndisanalankhule?"

"Amapereka kanthawi kochepa, ena amakhala ali pamzere. Ndinawapempha adikire, anakana. Tinaimba nyimbo imodzi, katani n'kutsekedwa."

"Mbiri ananena ndani?"

"Palibe. Anangowerenga dzina ndi chaka chobadwa."

A Chidzalo anayang'ana uku ndi uku. Panali kapinga wometedwa bwino, maluwa m'mizere, koma mulu wa dothi panalibe.

"Ndilozereni manda, ndikaponyeko dothi."

Margaret anayang'ana anzake, kenaka pansi. "Kulibe manda, bambo. Awawotcha. Ndimayesa mukudziwa."

A Chidzalo anaima pomwepo mvula ikulowa m'kolala. Mawu onse amene anakonza anali akadali m'kamwa, oipa ndi abwino omwe, opanda wowamva. Margaret anawagwira mkono kuti awaperekeze ku basi, iwo anauchotsa, napita okha.

Mpaka lero ali ku Barking konko. Mukawafunsa za tsikulo amadzudzula dziko loika maliro ngati likugulitsa matikiti a sitima, amadzudzula basi, amadzudzula Killian yemwe, kuti ngakhale atafa anawathawa mlandu. Za tiyi wachiwiri uja sanenapo. Khirisimasi yathayi Margaret anawaseka kuti mpunga wapsa, atulutse zolemba zawo auziziritse monga mwa masiku onse. A Chidzalo anati magalasi aiwala kunyumba. Magalasiwo anali m'thumba la malaya, aliyense akuwaona.