Thumba la jekete ya agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, fungo limene limandibwerera si labwino ayi. Ndi la nsomba yaiwisi yogona m'thumba la jekete, m'galimoto yotentha, ine nditapanikizika pambali pawo kuchokera ku Boston mpaka kwathu ku South Bend.

Agogowo anali ndi khalidwe limene linkatichititsa manyazi tonsefe. Kulikonse kumene adya, kaya paukwati ku Indianapolis, kaya kutchalitchi, ankakulunga chakudya m'kampango n'kuponya m'thumba la jekete yawo yabulawuni, kuti akapatse akazi awo, agogo Nachisale, amene chidwalireni sitiroko sankatulukanso m'nyumba. "Chimene Nachisale sanalawe, ine sindidya," ankatero.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anti Tadala, mng'ono wa mayi anga, anagraduweta ku Boston. Tinapita ine, mayi ndi agogo aamuna, ndipo anti anatitengera kumalo odyera a Chijapani kufupi ndi doko, kumene anabukitsa miyezi ingapo m'mbuyo. Munali zii ngati m'tchalitchi. Tinakhala mondandalika pathebulo lalitali la thabwa, wophika ali kutsogolo kwathu, akudula nsomba ndi mpeni wautali, kuikanikiza pa kampunga konunkhira viniga, n'kukuikira kamodzi basi kuti udye pompo kasanazizire. Tili pakhomo anti anali atachondelera kale: "Ababa, chonde, muno zam'thumba ayi." Agogo anati amva.

Kumva kwake kuti! Kachidutswa koyamba anakalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, kenako dzanja linatsikira pansi pa thebulo. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kofiira konona, ndinakaona ndi maso angawa kakulowa m'kampango.

"Agogo, akukuonanitu," ndinanong'ona.

"Idya zako, iwe."

Wophika uja anaima n'kufunsa anti ngati bambo awo chakudya sichikuwakomera. Anti anafotokoza kuti akusungira akazi awo odwala kunyumba. Wophikayo anayankha mwaulemu kuti nsomba yotere siyenda ulendo, pofika mawa idzakhala yodwalitsa. Anti atamasulira, agogo anakonza tayi yawo n'kuti, "Uwauze kuti nsomba ndi yawo, koma thumba ndi langa."

M'mawa tinanyamuka. Abale inu, ulendo umenewo! Mmene tinkalowa Ohio mawindo onse anali otsegula, mphepo ikutimenya kumaso, ine ndatseka mphuno ndi malaya. Pothira mafuta ntchentche zinkawatsata agogo okha. Mayi anakalipa, anapempha, anafika polonjeza kugulira agogo aakazi nsomba ina ya kumsika wa ku Lafayette Road, ku Indianapolis. "Ya ku Lafayette si imene ndinapatsidwa," anatero agogo, dzanja lili pathumba. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzayendanso nawo mpaka kufa.

Titafika, osavula n'komwe nsapato, agogo analunjika kuchipinda kwa akazi awo n'kuyala kampango kaja pabedi. Zonse zinali zitaphwanyika, phala lokhalokha, koma iwo ankaloza ndithu: aka kanali koyamba, aka anakawaula pang'ono ndi moto, aka akuti kanachokera ku Japan pandege.

Agogo Nachisale anakwinya mphuno. "Mwandiyesa mphaka?" Kenako anawayang'anitsitsa. "Nanga inu munadyako?"

"Ndimadikira inu."

"Ulendo wonsewo, kukafika kunyanja, n'kubwerako osalawa? Koma bambo inu mutu wanu sukoka." Anatero akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito, dzanja lawo lili padzanja la amuna awo. Mayi anakataya phukusilo kubini ya panja, ndipo jeketeyo tinaichapitsa kawiri koma fungo linakana.

Agogo Nachisale anamwalira chipale chofewa chitayamba kugwa chaka chomwecho. Pachakudya cha pamaliro ndinakhalanso pambali pa agogo, ndipo ndinawaona akukulunga ntchafu ya nkhuku m'kampango. Ndinatsegula pakamwa kuti ndidandaule monga mwa masiku onse. Dzanja lawo linafika pakamwa pa thumba n'kuima, ndipo linakhala pomwepo nthawi yaitali.

Jekete ija ili kwa ine tsopano. Mkazi wanga amati imanunkhabe ndipo ndiitaye. Akunena zoona, imanunkha, ndipo sindikuitaya.