Anapuma ku Banki, Mtima Sunapume

Ku Santhe kuli bambo ena achikulire amene anagwira ntchito kubanki zaka makumi atatu. Pano amalima fodya, koma wailesi sichoka pakhutu pawo. Akamva akuluakulu a mabanki akuyamikira mfundo za banki yaikulu, nkhope imagwa. Amati, "Akamalankhula mofatsa chonchi, ine ndimaopa."

Tsiku lina analawirira kusitolo ya a Zuleka kukagula feteleza.

"Bambo, feteleza mu Juni?" anadabwa a Zuleka. "Pawailesi atitu kwacha yakhazikika."

"Ndamva, mayi. Mawu amenewo inenso ndinkauza anthu."

Bambowo anamanga matumba awiri panjinga n'kumapita. A Zuleka anayang'ana matumba otsala kwa kanthawi, kenaka anakhoma chitseko. Tsiku limenelo sanagulitsenso ngakhale thumba limodzi, poopa kuti kwacha igwa ndipo mitengo ikwera.