Belu la Langford Miti

Ife akum'mawa amatiseka kuti timabadwa titakwera kale njinga. Asoli a kwa mfumu Nkomeshya, eni dera lino, amene anatilandira n'kutipatsa minda, amanena zimenezi pamowa uliwonse, ndipo sititsutsa kwenikweni. Koma ngati panali munthu amene nthabwalayi inkamukhala, anali Langford Miti, mnansi wanga, mwana wa ku Katete amene anafika ku Chongwe ali mnyamata. Ntchito yake inali ya malasha. Ankawotcha yekha, n'kusanja matumba pakeliyala mpaka kumupitirira mutu, n'kupalasa kukagulitsa m'makomboni a ku Lusaka. Akatumba a miyendo yake anali ngati minsi. Sanali wolongolola, ndipo zinthu sankaziiwala.

Iye ndi mkazi wake Rosaria anali ndi mwana wamkazi mmodzi pakati pa anyamata okhaokha, dzina lake Virginia. Chikuku chinamutenga asanayambe n'komwe sukulu. Tsiku la maliro tinayala nthambi zamasamba pamsewu, zina kumtunda zina kumunsi kwa nyumba, monga timachitira. Palibe amene sadziwa tanthauzo lake. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kumakankha mpaka atadutsa nthambi zachiwirizo. Ngakhale chidakwa chimatsika.

Ndiye kunatulukira Abson Nkhuwa, mkulu wa anyamata a Chipani m'dera lathu, uja ankaima pachipata cha msika kufunsa anthu makhadi a Chipani. Anali atangogula njinga yamagiya, yoyamba kuoneka kwathu kuno. Anabwera ali paliwiro, naponda masamba aja, ndipo ataona azimayi akudutsa msewu ndi ndowa za madzi a pamaliro, analiza belu kuti apatuke. Mayi wina anadzidzimuka n'kutaya madzi onse. A Matthias Daka, mkulu wa mphakati wathu, anamuitana.

"Aphwanga, simunaone masamba?"

"Nili pa nchito ya Chipani, nachedwa ku miting'i," anayankha Abson osatembenuka.

Chimene chinatiwawa kwambiri n'chakuti nthawi yomweyo amayi ake omubala, amayi Tisauke, anali m'nyumba ya siwa akusambitsa kamtembo ka Virginia, poti Rosaria anali atalefukiratu. Atamva zimene mwana wawo wachita, anatuluka manja adakali onyowa n'kudzagwada pamaso pa Langford. Iye anawadzutsa. "Si imwe mwaliza belu, amama," anatero. Abson sanabwere kudzakhuza, ndipo sanapepese tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndinene poyera, munthu uja anali wamwano wonunkha. Koma masiku amenewo ukanakamunenera kwa yani? Amene ukanamudandaulira anali mnzake wa pamiting'i yomweyo.

Chaka chilichonse pa tsiku la Ufulu, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, kunkakhala mpikisano wa njinga. Ankatseka msewu wafumbi wozungulira midzi yathu, kuyambira pabwalo la sukulu, kudutsa kudibi la ng'ombe, n'kudzathera pabwalo pomwepo. M'mawa wonse ngolo ndi malole zinkaima. Aliyense wokhala ndi njinga ndi khadi ankaloledwa kulowa: aphunzitsi, alimi a tomato, ogulitsa nkhuku. Mphotho inali matayala atsopano ndi machubu ake, zinthu zomwe m'zaka zimenezo ukanazungulira masitolo onse a m'tauni osazipeza. Chigulire njinga yamagiya ija, wopambana ankakhala Abson.

Langford analowa nawo. Chaka choyamba tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anamasula keliyala kuti njinga ipepuke, ndipo poti anazolowera katundu, njinga yopanda kanthu inkamuvinitsa uku ndi uku mpaka anakathera m'munda wa chinangwa. Chaka chotsatira anabwezerapo keliyala yake, nafika pambuyo pa Abson ndi mphunzitsi wina. Kenako anayamba kufika wachiwiri, ndipo anakhala wachiwiri zaka zingapo. Popita ku Lusaka anasiya kutsika pazitunda. Anzake akukankha, iye ankakwera ali chiimire pamapedulo, matumba ali pambuyo, mitsempha ya m'khosi ili tototo.

Ndinamufunsapo ngati matayala ndi ofunika kudziphera.

"Matayala nili nawo," anatero. "Nifuna a Abson akaone msana wanga, anthu bonse alipo."

Chaka chimene dziko linakwanitsa zaka makumi awiri, tonse tinkati nthawi yakwana. Abson anali atayamba kamimba ka mowa wa pamisonkhano, pamene Langford anali atauma gwa ngati chikuni. Anthu ankakangana za mpikisanowo ngakhale potuluka m'tchalitchi. Kenako, kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, amayi Tisauke anamwalira.

Nyumba yawo inali m'mphepete mwa msewu wa mpikisano, chakumapeto, pomwe umatsetsereka kulowera kusukulu. Nthambi zinayalidwa. Mpikisano sakanauimitsa chifukwa mlendo wolemekezeka wochokera kuboma anali atauzidwa kale, ndipo anyamata otseka msewu sakanachotsa masamba a pamaliro a amayi a mkulu wawo. Choncho aphunzitsi a Yotam, amene ankayendetsa mpikisanowo, anauza opalasa onse asananyamuke kuti pamasamba aliyense atsike, akankhe, ndipo amene wafika poyamba ndi amenenso ayambe kukwera. Onse anavomera. Langford ankangopopa tayala lake.

Ine ndinali kumaliroko, pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi azibambo. Abson anakhala pakati pathu atazolika, maso ali psuu. Rosaria anali ndi azimayi anzake, akutunga madzi kuchitsime cha tsidya la msewu. Tinaona fumbi likubwera. Anyamata awiri amene anali patsogolo anafika pamasamba, natsika, navula zipewa. Pambuyo pawo panali njinga yakuda ya malasha.

Langford sanagwire mabuleki. Anaimirira pamapedulo, nadutsa pakati pa anyamata aja, masamba akuthetheka pansi pa matayala. Azimayi atatu anali pakati pa msewu ndowa zili pamutu, ndipo wapakatiyo anali Rosaria. Langford analiza belu. Sanalize mwachangu ngati munthu wofuna njira, analiza mwachifatse, maso ali pa Abson, ndipo sanasiye mpaka atadutsa nthambi zakumunsi. Nyimbo ya m'nyumba ya siwa inadukira pakati.

Abson ananyamuka. "Ba Miti! Pa maliro ya amai banga?"

A Matthias Daka, omwe aja anamuitana zaka zija, tsopano atakalamba, anamukoka jekete.

"Nkhalani pansi, aphwanga. Kapena nayenso wachedwa ku miting'i."

Palibe anaseka, koma palibenso anadzudzula mkuluyo. Abson anayang'ana anyamata ake, iwo n'kuyang'ana pansi. Anakhala pampando, nabisa nkhope m'manja, nalira mokweza ngati kamwana. Ine mtima wanga unati myaa. Ndinali nditadikira zaka zonsezo kuti munthu ameneyu amve kulira kwa belu pamaliro.

Langford anafika pabwalo ali yekhayekha, enawo ali kutali. Mlendo wa kuboma, yemwe sankadziwa kanthu, anamupatsa matayala n'kumuyamikira kuti ndi chitsanzo cha nzika yolimbika. Ana asukulu anawomba m'manja chifukwa anauzidwa kutero. Akuluakulu anali atamva kale, manja awo anakhala m'matumba.

Madzulo, titabwera kumanda, ndinaperekeza Rosaria poti njira yathu ndi imodzi. Tinapeza Langford ali pakhonde, matayala aja atawatsamiritsa kukhoma adakali m'mapepala. Rosaria anatula ndowa yake pansi, namuitana ndi dzina la mwana wawo wachisamba.

"Atate ake Justin, a Abson amva. Mwakondwa?"

"Nakondwa."

"Koma amene anagona m'nyumba muja si a Abson. Ni amai amene anasambika Virginia wathu. Nsalu yomukulunga inali chitenge chawo."

Langford anayang'ana matayala aja.

"Nidziwa," anatero. "Ninawakumbuka nili kale pakati pa masamba."

"Nanga belu?"

"Chala chinali chayamba kale."

Rosaria analowa m'nyumba. Matayalawo sanawaike panjinga yake. Anakhala pakhoma mpaka anauma n'kung'ambika, ndipo mpikisano sanalowenso. Abson naye sanalowenso, ndipo Chipani chitachoka pampando anangokhala mlimi wa ndiwo zamasamba za rape ngati ife tonse.

Langford anapitiriza malasha mpaka mawondo atakana. Koma kuyambira chaka chimenecho, akafika pomwe panali nyumba ya amayi Tisauke ankatsika, kaya ali ndi matumba kaya alibe, mvula kapena dzuwa, n'kukankha njinga kuchokera pomwe panali nthambi zakumtunda mpaka zakumunsi. Pamalo potsetsereka bwino chonchija, anzake a malasha ankamudutsa akumuseka. Abson akakhala panja, Langford sankamupatsa moni kapena kumuyang'ana.

Atakalamba ndinamufunsa ngati kutsikatsikako kunali kupepesa.

"Kwa amai, inde," anatero. "A Abson, akamwalira ine nikali moyo, munibwereke njinga. Belu nikali nalo."