Mawu a Adada mu Filimu ya Telala

Achimwene anga amamasulira mafilimu. Amatenga filimu ya azungu, n'kutsitsa mawu ake pa kompyuta, n'kumalankhula okha m'Chichewa m'malo mwa aliyense, amuna ndi akazi omwe. Akamaliza amakapereka kwa anyamata odzaza mamemori khadi mumsika, ndipo pakapita masiku ochepa filimuyo imapezeka m'mafoni ndi m'tinyumba toonetsera kanema. Iwo sukulu analekezera Fomu 2. Choncho chaka chatha, ndili Fomu 3, ndinkakhala nawo Loweruka masana kumvetsera filimu n'kumalemba m'kope zimene anthu akunena. Ndinkaikonda ntchito imeneyi. Ndinkati ikundikonzekeretsa mayeso a Chingelezi.

Tsiku lina anabwera ndi filimu yoopsa koma yoseketsa. Munali telala wokalamba amene ankapha mbava n'kuzisokerera m'matumba. Mbava iliyonse yofuna kumubera inkabwera kudzayezetsa suti, koma siinkatulukanso. Magazi ankachita kuthovokera kudenga. Khutu la mbava ina analisokerera pa jekete ngati batani. Wapolisi wa m'filimumo anabwera katatu kudzapindiritsa thalauza, osaona mapazi a munthu pansi pa tebulo. Ine ndinkatseka maso ndi manja, kwinaku ndikuseka mpaka misozi.

Titafika pomwe telala akuyeza mbava yoyamba, ndinawerenga zimene ndinalemba: "Akuti, ima chilili."

"Zouma zimenezo," anatero achimwene. "Ndani angaseke? Anthu amafuna munthu amene akumudziwa."

Ndi mmene amagwirira ntchito omasulira onse. Mbava amati ndi za ku Chiputula, nkhalango amati ndi ya kuseri kwa Mzilawaingwe, munthu wonenepa amamupatsa kalankhulidwe ka bwana wina wa m'tauni. Oonera amasangalala akamva kwawo.

Ndinayang'ana telala uja, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, ndipo ndinati, "Koma ndiye adada enieni."

Adada, bambo athu otibereka, ndi telala. Akhala akusoka pakhonde la sitolo ina ku Ching'ambo kuyambira ndisanabadwe. Ndi mkulu wa mpingo, salankhulalankhula. Akamayeza munthu m'chiuno amakhosomola pang'ono, n'kunena mapini ali pakamwa, "Musapume kaye, yewo." Ndinawatsanzira pomwepo, kukhosomola konse. Achimwene anagwa pampando ndi kuseka. Kenako anatenga maikolofoni n'kunena chimodzimodzi, nthawi yomwe telala wa m'filimu ankatola sizasi. Anabwerezanso pa mbava yachiwiri ndi yachitatu. Pena anawonjezera kuti telala ameneyu ndi wa ku Ching'ambo. Palibe mwa ife amene anaganiza kuti zimenezi zituluka m'chipindamo n'kukafika pakhonde paja. Sindikudziwa kuti tinkaganiza kuti zipita kuti.

Patatha milungu iwiri ndinamva mawu aja oti musapume kaye kusukulu. Mnyamata wina wa Fomu 4 anagwira mnzake pakhosi ndi tayi, n'kukhosomola, n'kuwanena. Kalasi yonse inafa ndi kuseka. Ndikuvomereza kuti tsiku limenelo ndinanyadira.

Ndikaweruka ndinkadutsira pakhonde kukathandiza adada kusokerera mabatani. Masana ena anyamata atatu anaima patsogolo pathu.

"Matandala, madala," anapereka moni wamtali pa onsewo. "Tiyezeni suti."

Adada anaimirira mwaulemu, n'kutenga tepi. Atangokhosomola, onse atatu anayamba kuseka, wina akujambula pa foni.

"Ndi iwowo, aise. Ndinakuuza."

"Madala, lero pansi pa tebulo pali angati?"

Adada anasuzumira pansi pa tebulo la makina. Panali zigamba ndi nsapato zawo. Anandiyang'ana ngati akundifunsa, ine ndinaweramira batani.

Kuyambira tsiku limenelo sikunathe. Okwera njinga ankakuwa mawuwo akamadutsa. Ana ankaima patali m'kagulu, wina n'kuthamanga kudzagunda makina, n'kuthawa. Akuluakulu ankadziwa kuti ndi nthabwala, koma ana aang'ono ayi, chifukwa ambiri anaonera m'mafoni a azichimwene awo. Inali nyengo yosoka mayunifolomu. Mayi wina wa kumpingo kwathu anabwera ndi kamtsikana kake koyamba sitandade 1. Adada atangokweza tepi, kamwanako kanalira ngati kapsa, n'kudzikodzera pomwepo.

"Pepani, adada," anatero mayiyo, akukapukuta ndi chitenje. "Ndi zafilimuzi. Tibweranso."

Sanabwerenso. Yunifolomu ya mwanayo ndinadzaiona kutchalitchi, yosokedwa kwina, phewa lina lili m'mwamba.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kwa achimwene. "Chotsani filimu ija."

"Ndichotse kuti?"

"Kulikonse kumene munapereka."

"Ndinapereka kwa anthu awiri, mlongo. Panopa ili mpaka ku Nkhata Bay. Mnzanga wandiimbira kuti akuonera m'basi."

Komabe tinayesa. Loweruka tinajambulanso filimu yonse ndi mawu ena, telala tinamusandutsa wa dziko lakutali. Tinazungulira mumsika, benchi ndi benchi, kupempha kuti afufute yakale. Wina anavomera, n'kufufuta ife tikuona, koma mnzake wa pambali anali akuitsanulira mu foni ya kasitomala nthawi yomweyo. Wina anaonera yatsopanoyo mphindi ziwiri n'kutibwezera.

"Iyi ndi ya maliro," anatero. "Anthu akufuna ya madala aja."

Ndinalemba kakalata kofotokoza kuti telala wa m'filimu ndi wopeka, kuti adada sanapwetekepo munthu. Achimwene anakatumiza m'magulu a pa foni. Anthu anayankha ndi tinkhope toseka. Ena amene sankadziwa kuti telalayo alipodi anafunsa kuti amasokera pati.

Adada anadziwa zonse kudzera kwa mwini sitolo, bambo wochokera ku Lilongwe amene wakhala nawo bwino zaka zonsezi. Ndinalipo. Anawaonetsa kachidutswa pa foni, masana dzuwa likuswa, moti adada anachita kutchinga ndi dzanja kuti aone. Anamva kukhosomola kwawo. Anaona sizasi, kenako magazi. Sanaphethire. Anangofunsa kuti, "Mawu awa si a mwana wanga?"

"A telala, ine ndilibe nanu chifukwa," anatero mwini sitolo. "Koma taonani khondeli. Amayi akuopa kulowa kudzagula sopo chifukwa cha anyamatawa. Dzulo agwetsa kreti. Bwanji mupumeko kaye kunyumba mpaka zizizire?"

Ananena mawu oti mupumeko osaganiza. Kamnyamata kena kamene kanaima pafupi kanaseka, ndipo bamboyo anachita manyazi kuposa ife.

Ndinkafuna kuti adada akane, kapena akalipe. Anangoti, "Yewo, ndamva." Anamasula lamba wa makina, n'kukulunga mutu wake m'nsalu. Tinabwereka wilibala. Iwo ankakankha, ine ndikugwirira kuti makina asagwe m'maenje. Njira ya kwathu ndi yotsetsereka, ndipo anthu ankatipatukira.

Kunyumba amama anakalipira achimwene mpaka mawu anawathera. Achimwene anagwada pakhomo, n'kunena kuti zonse anachita okha. Sananditchule. Adada anakhala pampando, tepi ikadali m'khosi, ndipo patapita nthawi anandiitana.

"Iwe ndiwe wasukulu. Chinthu chikalowa m'mafonimu, pali ofesi imene munthu angapite kuti achichotse?"

"Palibe, adada."

"Ngakhale kulemba kalata?"

"Ndinalemba kale."

Anagwedeza mutu. Apo ndinalephera kupirira. Ndinagwada pambali pa achimwene, n'kunena kuti amene anayambitsa ndine, kuti ndine ndinawatsanzira.

"Ndinadziwa," anatero. "Mkulu wakoyu sanakhalepo pakhonde paja mpaka kumva mmene ndimalankhulira. Amene amakhala nane ndiwe."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya. Anandiuza kuti ndidzuke, siketi ingade, ndipo anapempha achimwene kuti awathandize kulowetsa makina.

Panopa makinawo ali pabalaza, pafupi ndi windo loyang'ana kuseri. Nyumba yathu ili kumapeto kwa kanjira, kumene sikudutsa munthu pokhapokha akubwera kwathu. Pakhonde paja pakhala mayi wogulitsa mandasi. Mwini sitolo akakumana ndi adada amati zikangozizira awauza, koma mayiyo wamanga kale kashelefu.

Achimwene amati filimu ina yoseketsa ikatuluka anthu adzaiwala. Atulutsa kale zinayi. Ine ndinasiya kuwalembera.

Dzulo ndinadula katoni, n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti pano pali telala, ndi muvi wolozera kwathu. Ndinakakhoma pamtengo wa pamphambano. Mvula ya kuno siichedwa, ndiye ndinaikuta ndi pulasitiki. Lero m'mawa ndinapeza ikadalipo, palibe walembapo kanthu. Ndakhala pawindo la kutsogolo ndi buku la Bayoloje kuyambira pamene ndaweruka. Adada akusoka pilo wa amama, pilo amene sanang'ambike n'komwe.