Kabuku Kofiira ka Atate

Atate anali mlaliki pampingo wathu kufupi ndi Sinda, masiku a Chitaganya aja. Lamulungu mapemphero akatha, ankatsegula bokosi la mabuku pansi pa mtengo wa mango n'kumalangiza anthu: ili n'labwino kwa ana, ili n'la olowa m'banja, nyimbo za m'galamafoni zisiyeni, n'zapamowa. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye ine, mtsikana wa Sitandade 4, ndinkawawerengera tsamba limodzi mokweza kuti alaweko. Ndinkadzimva, ndisaname.

Akulu anga anakwatiwa n'kutengedwa kupita kwawo kwa mwamuna, cha ku Mkaika. Chaka chachiwiri anatulukira wapansi, ali ndi pakati, diso lotupa, dzino lakutsogolo palibe. Anali amuna awo amene anawachita zimenezo.

Amalume atamva anafika ali wefuwefu. "Alamu, mwanayu sabwererako. Mbumba ndi yanga, ndam'tenga."

"Zachikunja zimenezo," anatero atate. "Ukwati wa m'tchalitchi suthetsedwa ndi malume." Anatulutsa kabuku kofiira ka malangizo a banja lachikhristu, kamene ankakatama kuposa mabuku onse, n'kundipatsa. "Iwe, awerengere akulu ako."

Mayo ine, ndinawerenga! Ndinawerenga bwino, osaphonya liwu, ngati ndili m'kalasi. Kabukuko kankati mkazi azipirira, asamayankhe mwamuna akapsa mtima, kufatsa kwake kudzam'tembenuza. Akulu anga ankangoyang'ana pakamwa panga ndi diso limodzi lija. Nditamaliza anandifunsa, "Zalembedwadi choncho, mng'ono wanga?" Ndinati inde. M'mawa mwake anakulunga kabukuko m'mpango n'kubwerera.

Sipanathe miyezi iwiri. Tikukumba mtedza, kunabwera munthu wapanjinga ndi uthenga: amuna awo awamenya ndi mpini wa khasu, akulu anga apita pamodzi ndi mwana wam'mimba. M'katundu wawo amene tinakatenga munali kabuku kaja, masamba ali mbee, poti iwo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Zonse zimene ankadziwa za m'menemo anazimva pakamwa panga. Zimandiwawa mpaka lero.

Patapita masabata atatu, atate anatsegulanso bokosi lawo pansi pa mango paja. Kutsogolo kunakhala mtsikana wina wongokwatiwa kumene, pambali pa apongozi ake. Atate anatola kabuku kofiira n'kunditambasulira.

"Werenga, mwanawe."

Ndinayang'ana kabukuko, ndinayang'ana mtsikana uja. Mpingo wonse unkadikira.

"Atate," ndinatero, "ine sindidziwa kuwerenga."